Zinthu 10 Zodabwitsa za Masamu a x m'Malokeshoni a Harare

Palibe kalasi ya Fomu 2 imene sinamvepo funso ili: "Aphunzitsi, x tikumufunafuna tsiku ndi tsikuyu adzatithandiza chiyani?" Amene akufuna yankho apite ku Harare. Asapite kumayadi a Borrowdale ayi, koma ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku, Tafara ndi Dzivarasekwa, kumene kukukhala zidzukulu zambiri za machona a ku Nyasaland, aja anapita ndi bungwe lolemba antchito la Mthandizi ndi ena amene anangoyenda paselefu. Kuyambira 2006 ndalama ya Zimbabwe yasintha dzina ndi mphamvu kambirimbiri, moti wogulitsa matimati amene sadziwa kupeza nambala yobisika sachedwa kudya mpamba wake yekha osazindikira. Manambala a mitengo ya pamsika amene ali m'munsimu ndi zitsanzo zoti tiwerengere limodzi. A boma ndi a mabanki ndi enieni.

1. Alijebura inayambira pa malonda ndi chuma cha masiye, ndipo x munalibemo

Buku limene linayala maziko a phunziroli analilemba ndi al-Khwarizmi ku Baghdad cha m'ma 820. Cholinga chake chinali kuthandiza anthu pogawana chuma cha womwalira, pozenga milandu, pochita malonda ndi poyeza minda. Munalibe zizindikiro. Funso lililonse analilemba m'mawu, yankho lakenso m'mawu. Timizere tiwiri tosonyeza kufanana tinabwera ndi Robert Recorde mu 1557, ndipo chizolowezi chotchula chosadziwika kuti x chinafala ndi René Descartes mu 1637.

Tsono mayi amene walawirira ku Mbare Musika, napikula bokosi la matimati pa madola 12, nalipira madola 2 onyamulira, n'kumanena mumtima kuti pofika madzulo akhale atapindula madola 6, akuchita alijebura yeniyeni ngakhale sanagwire choko. Akaunjika milu 40, funso lake n'lakuti 40x = 12 + 2 + 6, ndipo mulu ndi masenti 50. Milu 8 ikaphwanyika panjira kapena kuwola, funso lasintha: 32x = 20. Apa x ndi masenti 62 ndi theka, mtengo umene munthu sangautchule ku Harare.

2. Mtengo sugwedezeka; chimene chimasintha ndi kukula kwa mulu

Zimbabwe itayamba kugwiritsa ntchito dola ya America kumayambiriro kwa 2009, inalandira ndalama zamapepala koma zachitsulo ayi. Ndalama yaing'ono kwambiri m'thumba la munthu inali dola yathunthu. M'masitolo chenji chinkabwera ngati maswiti, bolopeni kapena kapepala kakuti udzatenge katundu ulendo wina. M'makombi, momwe amatchulira maminibasi kumeneko, kondakitala ankaphatikiza anthu awiri osadziwana pa dola imodzi, kuti akagawane okha akatsika. Kwa kanthawi ndalama zachitsulo za ku South Africa zinathandiza: ma randi 5 ankawatenga ngati masenti 50. Koma zimenezi zinkayenda pamene dola inali pafupifupi ma randi 10. Randi itagwa mu 2015 mpaka kudutsa 15 pa dola, anthu anayamba kuikana. Banki yaikulu inali itatulutsa kale ndalama zake zachitsulo mu Disembala 2014, koma vuto la chenji labwerera mobwerezabwereza mpaka lero.

Zotsatira zake n'zakuti venda wa ku Mufakose amatembenuza funso. Kwathu timafunsa kuti, "Nthochi imodzi ndigulitse zingati?" Iye amafunsa kuti, "Pa dola imodzi ndipereke nthochi zingati?" Mtengo wakhomeredwa pa 1, x ndi kuchuluka kwa katundu. Zinthu zikakwera, chikwangwani chimakhala chomwecho koma nthochi zachoka pa 10 kufika pa 8. Wogula amaona ngati zasowa ziwiri zokha. Atawerenga akanapeza kuti nthochi iliyonse yachoka pa masenti 10 kufika pa 12 ndi theka, ndiye kuti yakwera ndi 25 peresenti.

3. Katundu mmodzi akakhala ndi mitengo iwiri, waulula chinsinsi cha mwini okala

Paketi ya shuga ikalembedwa madola 2 kapena ma ZiG 70 (ZiG ndi ndalama imene Zimbabwe inabweretsa mu 2024), mwini okala wakuuzani zimene akuganiza za ndalama ya boma popanda kutsegula pakamwa: 2x = 70, kotero kwa iye dola ndi ma ZiG 35, kaya banki yaikulu ikunena chiyani. Wogula wochenjera amayerekeza nambala imeneyo ndi ya osintha ndalama mumsewu, n'kusankha thumba loti apisemo. Boma limawadziwa masamu amenewa. Mu 2021, ndiponso mu 2024, linakhazikitsa malamulo olanga amalonda ogwiritsa ntchito mtengo wosinthira ndalama woposa wa boma. Masitolo akuluakulu, amene sangabisale, anakakamizika kumvera, ndipo katundu wawo powerengera m'madola anakwera kuposa wa m'maokala a m'lokeshoni.

Masamu omwewa anatseketsa msika wa masheya. Kampani ya Old Mutual, imene ilinso pa msika wa masheya wa ku Malawi, masheya ake ankagulitsidwa ku Harare, ku Johannesburg ndi ku London. Sheya ndi imodzimodzi. Ukagawa mtengo wake wa ku Harare ndi mtengo wake wa kunja, umapeza mphamvu yeniyeni ya ndalama ya Zimbabwe. Nambala imeneyo inatchuka mpaka amalonda ankaiyang'ana poika mitengo. Kumapeto kwa Juni 2020 boma linaimitsa malonda onse pa msikawo, ndipo utatsegulidwanso mu Ogasiti, masheya a Old Mutual anatsala kunja. Chimene chinalakwa ndi samu yogawa, yoti mwana wa Sitandade 6 angaichite.

4. Maziro 25 anafufutidwa m'zaka zosakwana zitatu

Gavanala wa banki yaikulu, Gideon Gono, anachotsa maziro 3 mu Ogasiti 2006, maziro 10 mu Ogasiti 2008, ndi maziro 12 mu Febuluwale 2009. Mwana wa sukulu amene amavutika ndi lamulo lakuti pochulukitsa mateni okwezedwa timangophatikiza tinambala tapamwamba, chitsanzo ndi chimenechi: 3 + 10 + 12 = 25. Dola imodzi ya Febuluwale 2009 inali yofanana ndi madola a Julayi 2006 okwana 1 wotsatidwa ndi maziro 25. Chimodzi mwa zifukwa zofufutira chinali chakuti makina owerengera ndalama m'masitolo ndi makompyuta a m'mabanki analibenso malo olembamo manambalawo.

Ndalama yapepala ya madola 100 thiriliyoni, ya maziro 14, inatuluka mu Januwale 2009. Mu 2015 boma litaganiza zoika m'manda ndalama yakaleyo, linati aliyense amene mu akaunti yake munali ndalama zosaposa 175 wotsatidwa ndi maziro 15 alandire madola 5 a America. Wobweretsa mapepala ankamusinthira pa 250 thiriliyoni pa dola. Werengani nokha: pepala la 100 thiriliyoni linatuluka masenti 40. Alendo ndi osunga zinthu zakale ankaligula pa mtengo woposa pamenepo.

5. Munthu ankatha kupindula tsiku lililonse mpaka bizinesi kufa

Chiwerengero chomaliza chimene boma linatulutsa nthawi imeneyo chinati mu Julayi 2008 mitengo inali itakwera ndi 231 miliyoni peresenti pa chaka. Katswiri wa zachuma Steve Hanke, wa pa yunivesite ya Johns Hopkins, anawerengera kuti pakati pa Novembala 2008 mitengo inkakwera ndi 79.6 biliyoni peresenti pa mwezi, kutanthauza kuti inkawirikiza kawiri pa maola 24.7 aliwonse. Pa mbiri ya dziko lonse, panthawiyo ndi Hungary yekha, mu 1946, amene anali ataposa apa.

Manambala oterewa saluma mpaka utawaika pa benchi ya malonda. Kuwirikiza tsiku ndi tsiku ndi 2 × 2 × 2, osalekeza. Pakatha masiku 10 mtengo wachulukitsidwa ka 1,024. Tiyerekeze mayi wa ku Mupedzanhamo, msika wa kaunjika ku Mbare, watsegula belo limene waligula pa 100. Masiku atatu atha, zovala zonse zapita, m'chikwama muli 300. M'kope mwake alemba phindu la 200. Kupita kokaoda, belo lili pa 800. Ndalama yonse ali nayo, mpamba ndi phindu lomwe, siikwana ngakhale theka la belo.

Samu ya m'buku imati phindu ndi mtengo wogulitsira kuchotsera mtengo umene unagulira. Amalonda a Harare anaikonza ndi misozi: chochotsera si mtengo wa dzulo, ndi mtengo umene ukalipire pokatenga katundu wina. N'chifukwa chake mpaka lero wogulitsa amakweza mtengo wa katundu wakale akangomva kuti dola yakwera. Ogula timati ndi dyera. Nthawi zina ndi dyeradi, sitingabise. Koma kawirikawiri munthuyo akungoteteza kuti mawa pabenchi pasakhale mbee.

6. Kugwa kwa 43 peresenti ku Harare kunali kwakukulu kuposa kwa 44 peresenti ku Lilongwe

Ichi chimasokoneza ngakhale atolankhani. Mu Novembala 2023 nkhani inali yakuti kwacha yagwa ndi 44 peresenti. Mu Sepitembala 2024 nkhani inali yakuti ZiG yagwa ndi 43 peresenti. Kungomva, ungati mabala ake ndi ofanana.

Ku Malawi dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Kusiyana kwake ndi 520, ndipo 520 kugawa ndi 1,180 ndi 44 peresenti. Apa anayeza kukwera kwa dola. Ku Zimbabwe dola inachoka pa ma ZiG pafupifupi 14 kufika pa 24.4. Kusiyana kwake ndi 10.4, ndipo kuti mupeze 43 peresenti muyenera kugawa ndi 24.4, mtengo watsopano. Apa anayeza mphamvu imene ZiG yataya. Tikayeza onse ndi muyeso wa ku Malawi, ku Harare dola inakwera ndi 74 peresenti. Tikayeza onse ndi muyeso wa ku Zimbabwe, kwacha inataya pafupifupi 31 peresenti.

Peresenti siima payokha. Nthawi zonse funsani kuti ndi peresenti ya chiyani. Wogula chinthu pa 80 n'kuchigulitsa pa 100 wapindula 25 peresenti ya mpamba wake, koma 20 peresenti ya ndalama zimene walandira, ndipo anthu awiri ochitira bizinesi limodzi akhoza kudana pa zimenezi onse akunena zoona. Mu Juni 2007 boma la Robert Mugabe linalamula kuti mitengo itsike ndi theka, ndipo amalonda zikwizikwi anamangidwa. Mashelefu anayera. Chotsika ndi 50 peresenti chimafuna kukwera ndi 100 peresenti kuti chibwerere pamene chinali.

7. Boma linalemba kuti 1 = 1, ndipo madola 1,000 anasanduka masenti 3

Mu Novembala 2016 gavanala John Mangudya anatulutsa mapepala otchedwa bond note, nati lililonse ndi lofanana ndendende ndi dola ya America, popeza kumbuyo kwake kuli ngongole ya madola 200 miliyoni yochokera ku banki ya Afreximbank. Mumsewu anthu sanakhulupirire nthawi yaitali. Mu Febuluwale 2019 boma linavomera kuti ndalama za m'mabanki si madola a America koma ndalama ina, RTGS dollar, ndipo inayamba pa 2.5 pa dola. Wa madola 1,000 anadzuka ali ndi 400.

Lamulo la mwezi womwewo linati ngongole zakale za m'madola zibwezedwe m'ndalama yatsopanoyo pa 1 kwa 1, ndipo mu Januwale 2020 khoti la Supreme linatsimikiza zimenezi pa mlandu wa kampani ya Zambezi Gas. Nthawi imeneyo dola ya America inali pafupifupi 17 ku banki. Kalipentala wa ku Glen View amene anakongoza mipando ya madola 1,000 akanatha kulipidwa ndalama zokwana madola 59 okha, lamulo lili kumbali ya wokongolayo.

Tiitsatire ndalamayo mpaka kumapeto. Pa 5 Epulo 2024 gavanala watsopano, John Mushayavanhu, anabweretsa ZiG. Ndalama zakale ankazigawa ndi 2,498.72 kuti zisanduke ZiG, ndipo dola inayamba pa ma ZiG 13.56. Munthu amene anasiya madola 1,000 m'banki mu 2016 osawakhudza, tikaiwala chiwongoladzanja ndi zodula za banki, anatsala ndi 0.40 ya ZiG. Kugawa ndi 13.56, ndi masenti 3. Samu iyi palibe venda akanaipambana, ngakhale wodziwa kuwerengera chotani. Chimene akanachita n'kuiona msanga n'kuchotsako ndalama zake. Musadabwe kuti ku Highfield anthu ambiri amasunga madola m'nyumba.

8. "Kuwotcha ndalama" inali ntchito yolemeretsa

Mu 2008 dola ya America inali ndi mitengo iwiri pamsika wamseri: wina ukalandira ndalama pamanja, wina wokwera kwambiri ukalola kuti akutumizire ku akaunti. Munthu ankagulitsa dola pa mtengo wa ku akaunti, a, n'kukatapa ndalamazo ku banki, n'kugulanso madola pa mtengo wa pamanja, b. Dola imodzi inkabala madola a kugawa ndi b, ndipo kumeneku ndiye ankati "kuwotcha ndalama". Msampha unali pa malire a ndalama zimene banki inkalola kutapa pa tsiku: ukamaima pamzere masiku ambiri, b akuthamanga, phindu limasungunuka. Opambana anali a maakaunti ambiri ndi odziwana ndi anthu oyenera. Mu Okutobala 2008 banki yaikulu inaimitsa njira yotumizira ndalamayo.

9. Msonkho wa masenti 2 unaposa wa masenti 5 maulendo 40

Ndalama zapamanja zitasowa, malonda a m'malokeshoni anasamukira pa foni, makamaka pa EcoCash, imene kampani ya Econet inayambitsa mu 2011. Msonkho wa boma unali masenti 5 pa kutumiza kulikonse, kaya ndalamazo n'zochuluka bwanji. Mu Okutobala 2018 nduna ya zachuma, Mthuli Ncube, inausintha kukhala masenti 2 pa dola iliyonse. Misonkho iwiriyi imafanana pamene 0.02x = 0.05, ndiye kuti pa madola 2.50. Kupitirira apo watsopanoyo ndiye wolemera. Anthu atadandaula, boma linachotsa msonkhowo pa ndalama zosakwana madola 10, koma wotumiza madola 100 anachoka pa masenti 5 kufika pa madola 2.

Ndipo saudula kamodzi. Matimati ochokera ku Mutoko amadutsa m'manja mwa mlimi, mwa makoronyera, anyamata olowa pakati pa mlimi ndi wogula pa Mbare Musika, mwa wopikula, kenaka mwa venda wa pakona ku Kambuzuma. Malipiro anayi onsewo akadutsa pa foni n'kudulidwa msonkho wa masenti 2 uja, ndipo aliyense n'kukankhira msonkho wake kwa wotsatira, ndi 1.02 kuchulukitsa kanayi, kupitirira 8 peresenti. Wolipira ndi uja wagula mulu wa ndiwo zamadzulo.

10. Panali nthawi imene wokongola ndiye ankadyera wokongoza

Katapila kumeneko amati chimbadzo, ndipo mano ake ndi omwe timawadziwa. Ngongole ya 30 peresenti pa mwezi imamveka ngati 360 peresenti pa chaka. Koma ngati chiwongoladzanja chosalipidwa chikuphatikizidwa ku ngongole mwezi ndi mwezi, samu yake ndi 1.3 kuchulukitsa ka 12, ndipo madola 100 amasanduka madola 2,330. Obwereketsa a m'lokeshoni amakonda kukongoza m'madola a America, ndipo chifukwa chake chili mu zimene zinachitikira mabanki.

Mu 2022 chiwongoladzanja cha banki yaikulu chinali pa 80 peresenti pamene mitengo inkathamanga kuposa apo. Pofika Ogasiti boma linati yakwera ndi 285 peresenti pa chaka. Wokongola 100 pa 80 peresenti amabweza 180. Koma katundu wa 100 uja tsopano ali pa 385. Gawani 180 ndi 385: wabweza zosakwana theka la zimene anatenga. Amene anali ndi mwayi wokongola ku banki ankathamangira kukagula madola n'kudikira. Mu Meyi 2022 Pulezidenti Emmerson Mnangagwa analamula mabanki onse kusiya kukongoza, lamulo limene linachotsedwa patangopita masiku ochepa, ndipo mu Juni banki yaikulu inakweza chiwongoladzanja kufika pa 200 peresenti.

Amayi a m'magulu a mukando ndi maraundi, ofanana ndi banki m'khonde ndi chipereganyu cha kwathu, analibe nduna yowalamula, koma samuyo anaiona. Tiyerekeze ali 10, aliyense akusonkha 100 pa mwezi, mitengo ikukwera ndi 20 peresenti pa mwezi. Woyamba kulandira atenga 1,000 yogula katundu wa 1,000. Womaliza atenganso 1,000, palibe amene wam'bera, koma patapita miyezi 9 mitengo yachulukitsidwa ka 5.16, ndipo ndalama yakeyo igula zimene poyamba zinali pa 194. Magulu ambiri anasiya kusonkha ndalama ya dzikolo n'kuyamba kusonkha madola a America. Ena ndalama ikangosonkhedwa amakaoda shuga, mafuta ophikira, mpunga ndi sopo, n'kusunga m'nyumba ya mmodzi wa iwo mpaka tsiku logawana mu Disembala.